Excel Ikati #N/A, Musafulumire Kuitseka Pakamwa

Nkhani ya lero ndi ya inu amene mumasunga mitengo ya katundu, mayina a anthu kapena ndalama za gulu pa kompyuta, kaya ndi mu Excel kaya mu Google Sheets. Pali tizilembo tina timene timatulukira m'kabokosi momwe mumayembekezera nambala. Timayamba ndi chizindikiro cha hashi, chija mumadina pomaliza mukamalowetsa mayunitsi mu foni, kenako N, kamzere kopendekeka, ndi A. Makalaliki ambiri amangoti, "Fomula yakana." Akatero amasaka njira yachangu yoti tizilembo timeneti tichoke, abwana asatione. Njira yachanguyo ilipodi, ndipo ndi imene yaluzitsa anthu ambiri ndalama iwo osadziwa.

Tiyeni tipite ku Mmopane, mudzi wa ku Botswana, mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchoka mumzinda wa Gaborone, kufupi ndi Mogoditshane. Pa kalembera wa 2001 mudziwu unali ndi anthu osakwana 4,000. Pofika 2011 anali atapitirira 15,000. Chachulukitsa anthu ndi ntchito za ku Gaborone: munthu amagwira ntchito m'tauni, koma nyumba ya lendi yotsika mtengo kapena puloti yomangapo amakaipeza kunja kwa mzinda. Kumene anthu akumanga, malonda otentha ndi simenti, malata, mapaipi, misomali ndi penti. M'madera ozungulira Gaborone amenewa mulinso abale athu ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, ena amisiri, ena aphunzitsi, ena ogwira ntchito m'masitolo ndi m'maofesi. Bizinesi zazing'ono ngati zimenezi sizigula mapulogalamu odula owerengera ndalama. Zimadalira laputopu imodzi ndi fayilo imodzi ya Excel, imene nthawi zambiri anaikonza ndi munthu amene anasiya kale ntchito.

Tiyerekeze sitolo ya zomangira ku Mmopane komweko. Fayilo yawo ili ndi masamba awiri. Tsamba loyamba ndi mndandanda wa katundu: kolamu yoyamba nambala ya katundu, yachiwiri dzina lake, yachitatu mtengo wogulitsira. Tsamba lachiwiri ndi lolembapo kotesheni. Kasitomala akafika, kalaliki amangolemba nambala ya katundu ndi kuchuluka kwake, mtengo nkubwera wokha. Imene imakatenga mtengowo ndi fomula yotchedwa VLOOKUP. Fomulayi mumaiuza zinthu zinayi. Choyamba, chimene mukufuna, monga nambala ya thumba la simenti. Chachiwiri, dera la mndandanda momwe ikafufuze. Chachitatu, kolamu yachingati imene ikatengemo yankho, kwa ife yachitatu. Chachinayi, kodi ipeze chofanana ndendende kapena choyandikira chabe. Mukafuna chofanana ndendende mumalemba FALSE kapena 0. Chachinayichi chisungeni m'mutu, tibwererakonso.

VLOOKUP imatsika ndi kolamu yoyamba ya deralo kufunafuna nambala ija. Ikaipeza, imayenda chakumanja mpaka kolamu imene mwaiuza, nkubweretsa zimene yapezamo. Ikapanda kuipeza, imalemba #N/A. Tanthauzo lake ndi limodzi basi: ndafufuza, sindinapeze. Kompyuta sinawonongeke, fayilo ilibe vairasi.

Chimene chimakwiyitsa anthu ndi chakuti #N/A siikhala malo amodzi. Mzere umodzi ukakana, chiwerengero chonse pansi pa kotesheni chimakananso. Kasitomala waima pakauntala, galimoto yonyamula katundu ikudikira panja. Apa ndi pamene wina wodziwako pang'ono amati, "Ikani IFERROR." IFERROR inabwera ndi Excel ya 2007. Mumaikutira pa fomula yanu nkuiuza kuti pakakhala vuto lililonse, ilembe zakutizakuti. Ambiri amaiuza kuti ilembe 0. Pompo tsamba layera, chiwerengero chatuluka, kasitomala wapatsidwa pepala lake.

Tiyeni tiwerenge zimene zachitika. Bambo wina wafuna matumba 40 a simenti, malata 30 ndi misomali. Tinene kuti thumba limodzi ndi mapula 100, ndalama za ku Botswana. Nambala ya simenti sinapezeke, IFERROR yaika 0. Matumba 40 kuchulukitsa ndi 0, yankho 0. Kotesheni yatuluka yoperewera ndi mapula 4,000. Pa mizere itatu kalaliki akhoza kuona. Nanga pa kotesheni ya nyumba yonse, ya mizere 60, madzulo atatopa? Bambo uja wapita ndi pepala lokhala ndi chidindo cha sitolo, wakabwereka ndalama zogwirizana ndi pepalalo, ndipo akabwera kudzagula mkangano wayambika. Kale chiwerengero chinkakana kutuluka, ndipo kukanako ndi kumene kunkateteza sitolo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. #N/A ndiye mnansi ameneyo.

Ndiye #N/A ikatuluka, funso loyamba ndi ili: kodi chinthuchi mumndandanda mulibedi, kapena chilimo koma chalembedwa mosiyana? Kawirikawiri chimakhala kuti chilimo. Mumachiona ndi maso anu, nambala 10450 uku, 10450 uko, koma fomula ikukanabe. Ambiri amafika potukwana kompyuta apa.

Chifukwa chofala kwambiri nchakuti Excel imasunga manambala m'njira ziwiri. Pali nambala yeniyeni yowerengera, ndipo pali nambala yosungidwa ngati mawu. M'maso mwanu ndi zofanana. Kwa VLOOKUP ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zimachitika kwambiri mndandanda wa mitengo ukachokera kwa wogulitsa pikulitsa, atautulutsa mu pulogalamu yake nkukutumizirani pa imelo. Manambala ake amabwera ngati mawu, pamene anu mukulemba pamanja ndi manambala enieni. Zizindikiro zilipo. Ngati palibe amene wasintha kaimidwe kake, nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, yosungidwa ngati mawu imatsamira kumanzere, ndipo nthawi zambiri pakona yakumwamba pamaoneka kachizindikiro kobiriwira ka makona atatu. Mukafuna kutsimikiza, lembani ISNUMBER m'kabokosi kapambali, muilozetse pa nambalayo. Ikati TRUE ndi nambala, ikati FALSE ndi mawu. Yesani mbali zonse ziwiri.

Pokonza, pali msampha umodzi. Ambiri amasankha kolamu yonse nkusintha mtundu wake kukhala Number, nkuganiza kuti zatha. Sizinathe. Zimene zinalowa ngati mawu zimakhalabe mawu mpaka zitalowetsedwanso. Njira yachidule ndi iyi: sankhani kolamuyo, pitani pa Data, dinani Text to Columns, kenako Finish. Excel imawerenganso kabokosi kalikonse, manambala nkusanduka manambala. Mukhozanso kugwiritsa ntchito fomula ya VALUE. Chofunika nchakuti mbali ziwirizo zikhale za mtundu umodzi, ndipo ndi bwino kukonza mndandanda weniweniwo kusiyana ndi kumangowonjezera zigamba pa fomula.

Chifukwa chachiwiri ndi mpata wosaoneka. Wolemba anagunda batani lalitali lija atamaliza kulemba, ndiye kumapeto kwa nambala kapena dzina kuli mpata umene diso silingauone. Fomula ya LEN imawerenga zilembo za m'kabokosi. Mukaona zilembo 5 koma LEN ikuti 6, mwamugwira wakubayo. TRIM imachotsa mipata yotere. Koma pali mpata wina wamakani umene umabwera mukakopera zinthu pa intaneti kapena pa sitetimenti ya ku banki. Umenewu TRIM siiukhudza, chifukwa kwa kompyuta ndi chilembo china, cha nambala 160, pamene mpata wamba ndi nambala 32. Kuti uchoke mumagwiritsa ntchito SUBSTITUTE pamodzi ndi CHAR 160, kenako TRIM. Mukaona kuti TRIM mwaika koma LEN ikuchulukitsabe, ganizirani za ameneyu.

Tsopano za mayina. Ife Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tili ndi vuto lathulathu pamenepa. Dzina limodzi timalilemba m'njira zingapo. Wina alemba Chirwa, wina Chilwa. Wina alemba Ng'oma ndi nkhodolero, wina Ngoma. Ngakhale nkhodoleroyo ili mitundu iwiri pa kompyuta, yowongoka ndi yopindika, ndipo dzina lokopedwa mu Word kapena pa foni likhoza kubwera ndi yopindika pamene inu mukulemba yowongoka. Wina amaika kadenga pa w polemba Malaŵi, wina saika. Kalaliki wa ku Botswana amene sanazolowere mayina athu amalemba monga wamvera, ndipo ifenso timalakwitsa awo: Mmopane ali ndi m awiri, koma mlendo amalemba Mopane. VLOOKUP siisamala za zilembo zazikulu ndi zazing'ono, BANDA ndi Banda kwa iyo ndi chimodzi, koma chilembo chimodzi chikasiyana, imakana.

Malangizo anga ndi akuti dzina la munthu lisakhale chofufuzira. Gwiritsani ntchito nambala imene siisintha. Nzika za Botswana zili ndi Omang, ya manambala 9. Amalawi ali ndi chiphaso cha unzika chimene bungwe la National Registration Bureau linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2017. A ku Zambia ali ndi NRC. Ngati simufuna kusunga manambala a ziphaso za anthu, ndipo nthawi zambiri sibwino kutero popanda chifukwa, perekani nambala yanuyanu kwa membala aliyense kapena kasitomala aliyense. Nambala ya foni ndiye samalani nayo. Za ku Botswana zili ndi manambala 8 oyamba ndi 7, sizivuta. Za kwathu zimayamba ndi 0, monga 088 kapena 099, ndipo Excel imameza 0 woyambayo mukangodina Enter. Tsamba lina likasunga 0, lina nkumumeza, #N/A yabwera. Nambala yopitirira manambala 15, ngati ya khadi la ku banki, Excel imasandutsa otsalawo kukhala ma 0. Makolamu otere asandutseni a Text musanayambe kulembamo.

M'sitolo ya zomangira mulinso china. Paipi ya theka la inchi mukailemba 1, kamzere, 2, Excel imaganiza kuti mukulemba deti, ndipo m'kabokosi mumatuluka tsiku la mwezi wa Januwale kapena Febuluwale. Musadzione ngati mbuli. Akatswiri a sayansi ya majini anavutika nazo zaka zambiri. Jini yotchedwa SEPT2 inkasanduka 2 Seputembala, MARCH1 inkasanduka 1 Malichi, ndipo zolakwikazi zinkalowa m'mafayilo otsagana ndi zofufuza zosindikizidwa. Mu 2020 komiti yopereka mayina a majini a anthu inalengeza malamulo atsopano a katchulidwe, ndipo majini 27 anali atasinthidwa mayina, MARCH1 nkukhala MARCHF1. Anaona kuti kusintha dzina la jini nkwapafupi kusiyana ndi kusintha khalidwe la Excel. Inunso nambala za katundu wanu ziyambe ndi chilembo chosafanana ndi dzina la mwezi, monga P012, kuti Excel isamazimasulire mwa iyo yokha.

Chifukwa china chimadziwika ndi maonekedwe ake: mizere yakumwamba ikugwira bwino, koma mukamatsika #N/A ikuchulukirachulukira. Apa dera lofufuzamo latsetsereka. Munalemba fomula pa mzere woyamba kuti ifufuze kuyambira A2 mpaka C500. Mutaikokera pansi, mzere wachiwiri unayamba kufufuza kuyambira A3, wachitatu A4, choncho mpaka pansi. Pofika mzere wa 60, katundu 59 woyambirira wa mumndandanda watsala kunja. Mankhwala ake ndi chizindikiro cha dola. Mukamalemba deralo mu fomula, dinani batani la F4, dola ilowe patsogolo pa chilembo ndi patsogolo pa nambala. Dera lokhomedwa chotero silisuntha.

Koma dera lokhomedwa silikulanso. Munakhoma mpaka mzere wa 500, katundu watsopano mwamulemba pa 501, fomula siimuona. Vuto la dera loperewera lagwetsapo anthu akuluakulu. Mu 2010 akatswiri awiri a zachuma a ku yunivesite ya Harvard, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anatulutsa pepala lonena za ngongole za maboma ndi kukula kwa chuma, limene andale ambiri ku Ulaya ndi ku America analigwiritsa ntchito poikira kumbuyo zochepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito. Mu 2013 wophunzira wa ku University of Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, atapatsidwa fayilo yawo ya Excel anapeza kuti fomula ina inasiya kunja mizere 5 mwa mayiko 20: Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Fomula yawo sinali VLOOKUP, inali yopezera avereji, ndiye sinadandaule nkomwe. Inatulutsa nambala yooneka bwino, ndipo panatha zaka zitatu palibe wozindikira. Inu mwayi muli nawo, chifukwa VLOOKUP ikasowa chinthu imanena. Kuti dera lizikula lokha, dinani mumndandanda wanu, kenako Control ndi T. Excel imausandutsa Table, ndipo mzere uliwonse wowonjezera pansi umalowa wokha m'dera la fomula.

Pali abale ake a #N/A amene ndingowatchula mwachidule. #REF! mu VLOOKUP nthawi zambiri imatanthauza kuti mwaiuza kolamu yachisanu pamene dera lili ndi makolamu anayi, kapena wina wafufuta kolamu kapena tsamba limene fomula imadalira. #VALUE! imabwera nambala ya kolamu ikakhala yochepera 1, kapena mukachulukitsa nambala ndi mawu. #NAME? imatanthauza kuti Excel siikulidziwa dzina limene mwalemba. Mwina mwaphonya chilembo, kapena fomulayo ndi yatsopano kuposa Excel yanu. Izi zimachitika kwambiri ndi XLOOKUP, imene Microsoft inalengeza mu 2019. Ndi fomula yabwino, imafufuza chofanana ndendende popanda kuiuza, imatha kuyang'ana kumanzere, ndipo ili ndi malo akeake olembapo zoti ichite ikapanda kupeza. Koma mu Excel ya 2016 ndi ya 2019 mulibe. Mwana wanu wa ku yunivesite akakukonzerani fayilo pa laputopu yake yatsopano, inu nkukaitsegula pa kompyuta yakale ya kusitolo, mudzaona zilembo zachilendo patsogolo pa fomula, ndipo ikangowerengedwanso idzakana. Ngati makompyuta anu ndi osiyana zaka, INDEX ndi MATCH zimagwira ntchito yomweyo pa Excel iliyonse. Chinanso kwa inu a ku Botswana: makompyuta ena ochokera ku South Africa amafuna semikoloni pakati pa zigawo za fomula m'malo mwa mpatuliro. Fomula yokopera kwina ikakanidwa musanaimalize nkomwe, yang'anani pamenepo.

Mwaona tsopano vuto lenileni la IFERROR? Imameza zonsezi pamodzi. Wina akafufuta kolamu ya mitengo, #REF! imayenera kufuula pa mzere uliwonse. Ndi IFERROR, mizere yonse imangoti 0, mwakachetechete. Nchifukwa chake mu Excel ya 2013 munabwera IFNA, imene imagwira #N/A yokha nkusiya zinazo zioneke.

Komabe zolakwika zimene ine zimandidetsa nkhawa kwambiri sizilemba chizindikiro chilichonse. Kumbukirani chachinayi chija. Mukachisiya osalemba, VLOOKUP siifunsa, imangotenga kuti mukufuna choyandikira. Pofufuza choyandikira, imaganiza kuti mndandanda wanu ndi wosanjidwa kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, ndiye imadumphadumpha m'malo moyenda mzere ndi mzere. Ngati ndi wosasanjidwa, ikhoza kubweretsa mtengo wa misomali pa mzere wa malata. Ngakhale utasanjidwa bwino, mukalemba nambala imene mulibe, imakupatsani mtengo wa katundu woyandikana naye. Mukafika kuntchito mawa, tsegulani fomula yanu muone ngati ikuthera ndi FALSE kapena 0. Ngati ikuthera pa nambala ya kolamu, muli pangozi.

China ndi ichi. Mwini sitolo waganiza zowonjezera kolamu ya mtengo wogulira, nkuilowetsa pakati pa dzina ndi mtengo wogulitsira. Dera la fomula limatambasuka lokha, koma nambala 3 ija siisintha. Kolamu yachitatu tsopano ndi mtengo wogulira. Kuyambira tsiku limenelo sitolo ikugulitsa katundu pa mtengo umene inagulira, phindu palibe, makasitomala akuchuluka, aliyense akusangalala mpaka kutha kwa mwezi. INDEX ndi MATCH, kapena XLOOKUP, sizigwa m'mbuna imeneyi chifukwa zimaloza kolamu yeniyeniyo, osati kuwerenga kuti yachingati. Ngati mukukhalabe ndi VLOOKUP, makolamu atsopano muziwonjezera kumapeto, kumanja.

Chachitatu ndi zobwereza. VLOOKUP ikapeza chofanana choyamba imaima pomwepo. Pagulu pakakhala a Banda awiri, kapena a Phiri atatu, zimene kwathu sizachilendo, onse adzapatsidwa za woyambayo. Katundu akalembedwa kawiri, mtengo wakale pamwamba, watsopano pansi, fomula izitenga wakale mpaka kalekale. Ikani kolamu ya COUNTIF pambali pa mndandanda, iwerenge kuti nambala iliyonse yaoneka kangati. Paliponse pamene patuluke 2, pakonzeni.

Musanene kuti kufufuza choyandikira nkoipa. Kuli ndi ntchito yake, ndipo msonkho wa VAT ku Botswana ndi chitsanzo chabwino. Kuyambira Epulo 2010 unali pa 12 peresenti. Pa 1 Epulo 2021 unakwera kufika pa 14. Mu Ogasiti 2022 boma linautsitsa kwakanthawi kubwerera pa 12 pofuna kupepuza anthu pa kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo pa 1 Epulo 2023 unabwereranso pa 14. Amene akuunikanso ma invoisi akale, mwina a BURS, bungwe lotolera misonkho, afunsa, akhoza kulemba madeti anayi amenewa motsatana, lililonse ndi peresenti yake. Invoisi ya pa 15 Disembala 2022 deti lake mumndandandamo mulibe, ndipo siliyenera kukhalamo. Apa mumalemba TRUE, fomula nkutenga deti lomaliza limene silinapitirire la invoisi, yankho 12 peresenti. Koma madetiwo akhale osanjidwa kuyambira lakale, ndipo akhale madeti enieni, osati mawu ooneka ngati madeti. Invoisi ya chaka cha 2009 idzapereka #N/A, ndipo ndi zoona, chifukwa mndandanda wanu sunafike kumeneko.

Nanga tsamba loti lipite kwa kasitomala kapena likawerengedwe pamsonkhano, tilisiye ndi #N/A? Ayi. Gwiritsani ntchito IFNA, koma muiuze kuti ilembe mawu omveka, monga SANAPEZEKE, osati 0 ndiponso osati kusiya mpata. Dziwani chimene chidzatsatire. Mukachulukitsa mawuwo ndi kuchuluka kwa katundu, padzatuluka #VALUE!, ndipo pa kotesheni zimenezo nzabwino, chiwerengero chisatuluke mtengo wina ukusowa. Koma SUM ikamawonkhetsa kolamu momwe muli mawuwo mwachindunji, imangowadumpha osanena kanthu, chiwerengero nkutuluka choperewera ngati kale. Choncho pamwamba pa tsamba, pamalo oonekera, ikani kabokosi ka COUNTIF kowerenga kuti SANAPEZEKE alipo angati. Kakapanda kunena 0, pepala lisasindikizidwe.

Pali nthawi imene 0 amakhala yankho loona. Ku Botswana kuli magulu osonkherana ndalama otchedwa motshelo, ofanana ndi chipereganyu kapena banki m'khonde kwathu, kapena chilimba ku Zambia. Tinene kuti msungichuma wa gulu lotere ali ndi tsamba la mamembala 25 ndi tsamba lina la amene apereka mwezi uno. Membala amene sanapereke sapezeka pa tsamba lachiwirilo, ndipo kumulembera 0 ndi kunena zoona. Apa IFNA ndi 0 zikuyenera. Koma taganizirani mayi amene anaperekadi mapula 500, msungichuma nkulakwitsa nambala imodzi polemba. Nayenso adzalembedwa 0. Pamsonkhano dzina lake lidzatchulidwa pakati pa osapereka, mwina nkulipitsidwa chindapusa, iye risiti ili m'manja. Magulu ambiri amasweka ndi nkhani zazing'ono ngati zimenezi, ndipo amene amakayikiridwa ndi msungichuma, ngakhale sanatenge pula imodzi.

Chotetezera ndi kufufuza mbali zonse ziwiri. Mwafufuza kale membala aliyense pa tsamba la zopereka. Tsopano bwererani, mufufuze chopereka chilichonse pa tsamba la mamembala, ndipo ulendo uno musaike IFNA, #N/A ituluke poyera. Paliponse pamene yatuluka pali ndalama imene yalowa koma ilibe mwini wodziwika. Kenako wonkhetsani tsamba la zopereka palokha, wonkhetsaninso kolamu imene fomula yabweretsa pa tsamba la mamembala, muchotsere china pa chinzake. Kusiyana kukhale 0. Kukakhala 500, pali dzina limene lasochera. Kuwonkhetsaku kumagwiranso membala amene wapereka kawiri mwezi umodzi, poti VLOOKUP imatenga chopereka choyamba chokha. Ngati kupereka pang'onopang'ono nkololedwa pagulu lanu, VLOOKUP siyoyenera nkomwe pa ntchitoyo. Gwiritsani ntchito SUMIF, imene imawonkhetsa zopereka zonse za nambala imodzi. Koma SUMIF ikapanda kupeza chinthu siilemba #N/A, imangolemba 0, ndiye kufufuza kobwerera kuja musakusiye.

Sitolo ya ku Mmopane ija ichitenso chimodzimodzi mndandanda watsopano wa mitengo ukafika kuchokera kwa opikulitsa. Isanafufute wakale, ifufuze manambala akale mumndandanda watsopano kuti ione katundu amene wachotsedwa kapena wasinthidwa nambala, kenako ifufuze atsopano mu wakale kuti ione amene wangobwera kumene. Ntchito imeneyi siitha theka la ola, ndipo ichitike kotesheni yoyamba ya mitengo yatsopano isanatuluke.